Asilikali Adongo a ku China ndi Manda Opanda Maina a ku Boksburg

Kumapeto kwa mwezi wa Malichi mu 1974, alimi a ku Lintong, kufupi ndi mzinda wa Xi'an m'dziko la China, ankakumba chitsime pofuna madzi othirira mbewu. Makasu awo adagunda mapale a dongo lootcha. Poyamba ankayesa kuti ndi mbiya yakale, koma pofukula bwino adapeza mutu, mapewa ndi manja a munthu woumbidwa ndi dongo. Patangopita masiku ochepa, pa 4 Epulo, ndege ya Wenela imene idanyamula anthu a ku Malawi obwerera kwawo kuchokera ku migodi ya ku Joni idagwa itangonyamuka pa Francistown ku Botswana, ndipo anthu oposa 70 adafera pomwepo. Anthu adongo aja lero ali m'mabuku a sukulu pa dziko lonse lapansi, ndipo alendo mamiliyoni amapita kukawaona chaka ndi chaka. Maina a amene adafa m'ndege muja amadziwika ndi abale awo okha, ndipo abalewo akutha.

Chimene alimiwo adatulukira ndi gulu lankhondo la Qin Shi Huang, mfumu yoyamba kulamulira China yense. Mwini wake adalowa ufumu wa Qin mu 246 BC ali ndi zaka 13, adagonjetsa maufumu ena asanu ndi limodzi, ndipo mu 221 BC adadzipatsa dzina la ulemu limene mfumu ina iliyonse idali isanatchedwepo. Manda ake adayamba kumangidwa atangolowa ufumu, patsinde pa phiri la Li. Asilikaliwo ali m'maenje aakulu pa mtunda wa kilomita imodzi ndi theka kum'mawa kwa chitunda cha mandawo. Dzenje lalikulu koposa ndi lotalika mamita 230, m'lifupi mamita 62. Akatswiri amawerengera kuti asilikali onse pamodzi angakwane 8,000, kuphatikizapo akavalo mazanamazana ndi magaleta ankhondo. Msinkhu wawo ndi wa munthu wamkulu. Pali oponya mivi ogwada, oyenda pansi, okwera pa akavalo ndi akazembe, aliyense ndi nkhope yake, ndevu zake ndi kamangidwe kake ka tsitsi. Adawapaka utoto wowala ndipo adawagwiritsa zida zenizeni zamkuwa. Ambiri adayang'ana kum'mawa, kumene kudali maufumu amene mbuye wawo adawagonjetsa, ngati kuti ankadziwa kumene wobwezera angachokere.

Wolemba mbiri Sima Qian, amene adakhalako patapita zaka ngati 100, adafotokoza kuti anthu 700,000 adatumizidwa kukagwira ntchitoyo, kuti m'kati mwa mandamo adaikamo mitsinje ndi nyanja za mercury, ndi mauta otchera ngati misampha kuti alase aliyense wolowamo. Adafotokozanso kuti akazi a mfumu amene adalibe ana adaikidwa nayo pamodzi, ndi kuti amisiri odziwa zinsinsi za mandawo adatsekeredwa m'kati kuti asadzaulule. Za asilikali adongo sadatchulepo kanthu. Asayansi poyeza dothi la pachitundapo adapezadi mercury wochuluka kuposa wa dothi la malo ozungulira, zimene zapangitsa ambiri kusiya kumuyesa wokokomeza.

Ena amaona kuumba anthu a dongo ngati chifundo, popeza makolo a mfumuyi ankapita kumanda ndi anthu amoyo. Mfumu Mu ya ku Qin itamwalira mu 621 BC adaiperekeza ndi anthu 177, ndipo mwambowo udaletsedwa mu 384 BC. Nthano za kumidzi ya ku Maravi nazo zimakumbuka mafumu ena amene ankati sangagone okha m'manda, kotero khalidweli si lachilendo m'makutu a Mchewa. Koma chifundo cha Qin Shi Huang ndi chokayikitsa. Dongo lidalowa m'malo mwa msilikali, amene mfumu yolowa m'malo inkamufunabe wamoyo. Mkazi wopanda mwana ndi mmisiri, amene ntchito yawo idali itatha, adalowa m'manda ndi mnofu wawo.

Imfa yake nayo ili ndi kanthu kamene munthu wa kutchona angakamve msanga. Adafera paulendo mu 210 BC, kutali ndi likulu lake, m'nyengo yotentha. Nduna zake zidabisa za imfayo poopa chipwirikiti, ndipo mtembo udayenda m'galeta masiku ambiri. Fungo litayamba, adalamula kuti ngolo ya nsomba zamchere iziyenda pafupi kuti anthu asazindikire. Munthu amene adatha zaka zoposa 30 akukonza pogona pake adafikapo ataperekezedwa ndi fungo la nsomba.

Tsono asilikaliwo adalondera chiyani? Ufumu umene mwini wake ankati udzafika mibadwo zikwi khumi udagwa patangopita zaka zinayi. M'maenje a asilikali muli zizindikiro za moto, madenga adagwa ndi kuwaphwanya, ndipo zida zambiri zidatengedwa m'manja mwawo. Ambiri amaloza chala kazembe woukira Xiang Yu. Pafupifupi msilikali aliyense amene alendo amamuona lero adapezeka ali zidutswa, ndipo adachita kulumikizidwa phale ndi phale. Mafumu a pambuyo pake sadapeze mwayi woposa. Mu 1928 asilikali a kazembe Sun Dianying adaphulitsa manda a mfumu Qianlong ndi a mfumukazi Cixi nakokolola chuma. Manda a mfumu Wanli, otchedwa Dingling, adatsegulidwa ndi boma lenilenilo pakati pa 1956 ndi 1958, nsalu za silika zidaonongeka zitakumana ndi mpweya, ndipo mu 1966 achinyamata a Red Guards adatulutsa mafupa a mfumuyo ndi akazi ake awiri nawatentha pabwalo. Chipinda chimene Qin Shi Huang adagonamo sichinatsegulidwe mpaka lero, ndipo chochiteteza ndi lamulo la boma la China, lochokera pa phunziro la ku Dingling ndi pa kuona utoto wa asilikali ukukanganuka m'mphindi zochepa atangowafukula. UNESCO idaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1987. Asilikali 8,000 aja lero ndiwo akulonderedwa.

Chinthu chofunika koposa pa malo onsewa chili kumadzulo kwa chitunda, kumene alendo ambiri safikako. Pa mudzi wa Zhaobeihu, cha m'ma 1979 ndi 1980, adafukula manda a anthu amene ankagwira ntchito yomangayo. Ambiri adali anyamata a zaka za m'ma 20 ndi 30, oikidwa mopinda miyendo, ena angapo m'dzenje limodzi, opanda bokosi. Pakati pa mafupawo padapezeka mapale 18 a matailosi a denga, olembedwa mokanda ndi chinthu chosongoka. Pa mapalewo pali anthu 19: boma limene munthu adachokera, dzina lake, ndipo pena udindo wake ndi mawu osonyeza kuti ankagwira ntchito yobweza ngongole kapena chindapusa. Ena adachokera kutali kum'mawa, ku chigawo chimene lero chimatchedwa Shandong. Akatswiri amawerengera mapale amenewa pakati pa zolemba za pamanda zakale koposa m'China.

Amene adakanda maina amenewo mwina adali kapitawo wosunga kaundula, mwina mnzawo wodziwa kulemba. Phale silidagulidwe ndi ndalama, lidangotoledwa pa dzala la ntchito. Komabe lachita chimene gulu lonse lankhondo lidalephera: patapita zaka 2,200 munthu wangongole uja akutchulidwabe ndi dzina lake ndi kwawo. Mwa asilikali adongo palibe ndi mmodzi yemwe wodziwika kuti ankaimira yani. Maina amene ali pa matupi awo ndi a amisiri oumba, odindidwa kuti wolakwitsa ntchito apezeke.

Kuchokera ku Shandong komweko ndi zigawo zoyandikana nazo za kumpoto kwa China, anthu ena adadzanyamuka ulendo wina wa ntchito, ulendo uno wa ku Africa. Nkhondo ya Maburu ndi Angelezi itatha mu 1902, eni migodi ya golide adasowa antchito otsika mtengo. Kuyambira 1904 adabweretsa Matchaina oposa 63,000 pa kontrakiti ya zaka zitatu. Adatsikira ku Durban, ndipo gulu loyamba lidapita ku mgodi wa New Comet ku East Rand, dera limene kuyambira mu 2000 limatchedwa Ekurhuleni, liwu la Chitsonga lotanthauza malo a mtendere. Adawatsekera m'makomboni, adawadinda zala, adawapatsa manambala. Pofika 1910 amoyo adabwezedwa kwawo, koma oposa 3,000 adafera kuno ndi miyala, matenda ndi ziwawa. Mafupa a anthu 36 mwa iwowa, amene adaikidwa pafupi ndi mgodi wa Witwatersrand Deep m'dera la Boksburg, adafukulidwa ndipo akusungidwa ku yunivesite ya Witwatersrand, mu gulu la mafupa lotchedwa Raymond A. Dart Collection. Asayansi adachita kuwayeza kuti adziwe ngati adali amuna kapena akazi. Kapolo wa mfumu yankhanza ya mu 210 BC adapatsidwa phale, koma wantchito wa kampani yosunga mabuku, ya m'masiku a sitima ndi telegalafu, adangotsala mafupa oyezedwa.

Mgodi umenewu Amalawi ayenera kuudziwa. Patapita zaka zochepa Matchaina atachoka, mnyamata wa ku Kasungu dzina lake Hastings Kamuzu Banda adafika pa Witwatersrand Deep, nagwirapo ntchito zaka zingapo asanapite kukaphunzira ku America mu 1925. Adayenda pa nthaka imene anthu 36 aja adagonapo. Ku Joni komweko ndi kumene adadzamwalira pa 25 Novembala 1997, ndipo mtembo wake udabwerera pa ndege. Lero ali m'nyumba yamiyala yonyezimira ku Lilongwe, imene idatsegulidwa mu 2006, ya nsanamira zinayi zokumbutsa ngodya zinayi za ulamuliro wake. Palibe chifukwa chomuchitira nsanje. Koma mwa anyamata a ku Nyasaland, a ku Fort Jameson ndi a ku Tete amene adagona naye m'komboni imodzi, ndi angati amene pogona pawo pakudziwika?

Adalipo ambiri, ndipo ankafa ambiri. Chibayo chidapulula anthu ochokera ku maiko otentha koti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba antchito kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, ndipo chiletsocho chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi a m'migodi ya South Africa adali oposa 100,000. Ngozi ya ku Francistown ija ndiyo idachititsa Kamuzu kuimitsa Wenela, mpaka ulendo udayambiranso pansi pa dzina la Theba, nudzathera pa mkangano woyeza magazi wa mu 1988. M'zaka zonsezi munthu akafera pa mgodi sankabwerera. Ankaikidwa kuseri kwa komboni, pa nthaka ya kampani, ndipo kumudzi kunkafika kalata, nthawi zina ndi bokosi la zovala ndi kandalama. Abale ankalira maliro opanda mtembo, nameta, nasesa. Amene uthenga wawo sudafike adangolowa m'gulu la matchona, ndipo akazi awo adakalamba akuwanenera zamwano anthu amene adali ataola kale pansi pa Benoni, Brakpan kapena Springs.

Migodi ikuluikulu ya kum'mawa idatsekedwa. ERPM ya ku Boksburg, imene idayamba mu 1893 nifika pansi kupitirira makilomita atatu ndi theka, idasiya kukumba pansi mu 2008. Zitunda zachikasu za mchenga wa m'migodi, zimene aliyense wotera pa bwalo la ndege la OR Tambo amaziona, zikugumulidwa pang'onopang'ono ndi kutumizidwa ku fakitale ya Ergo ku Brakpan kuti akachotsemo golide wotsalira. Malo otsala akusanduka mafakitale, misewu ndi midzi ya zisakasa. Manda a komboni amene chizindikiro chake chidali kathabwa kapena kachitsulo ka nambala sapirira zinthu zotere. Thabwa limadyedwa ndi chiswe, chitsulo chimapita kwa ogula zitsulo zakutha.

Ekurhuleni ali nawo manda ake olemekezeka, ndipo nawonso akuphunzitsa zimene Lintong adaphunzitsa. Oliver Tambo adagona ku Wattville, ku Benoni, ndipo pa bwalo la ndege lotchedwa dzina lake pali chifanizo chake chamkuwa cha mamita 9 chimene chidavundukulidwa mu 2020. Chris Hani, amene adaomberedwa pakhomo pake ku Dawn Park pa 10 Epulo 1993, adaikidwa ku manda amene lero akutchedwa Thomas Nkobi Memorial Park ku Boksburg, ndipo malowo ali pansi pa chitetezo cha boma. Komabe mu Novembala 2022, patangopita masiku ochepa khoti lalikulu litalamula kuti Janusz Waluś, amene adamupha, atulutsidwe m'ndende, anthu adalowa usiku, naononga nsanamira ya chikumbutso, naba zipangizo za magetsi. Mpanda sudathandize. Chimene chidathandiza ndi chakuti dziko lonse lidafuula, chifukwa aliyense ankadziwa amene wagona pamenepo. Manda a Hani atagumulidwa kakhumi angamangidwenso kakhumi. A mnyamata wa ku Ntcheu amene adafa ndi chibayo mu 1938 akagumulidwa kamodzi nkhani yatha, popeza palibe wodziwa kuti pachitika kanthu.

Atsogoleri a maiko a Achewa aphunzira bwino mbali imodzi ya nkhaniyi, mbali ya mfumu. Bingu wa Mutharika adadzimangira Mpumulo wa Bata ku Ndata ali moyo. Lusaka ili ndi Embassy Park. Edgar Lungu atamwalira ku Pretoria mu Juni 2025, boma ndi banja adakokerana ku makhoti a South Africa, miyezi nkumatha mtembo usanaikidwe. Anthu wamba adatsatira mkanganowo ndi mtima wonse, ngati kuti ndi mtembo wokhawo wa ku Zambia umene udali m'nyumba yachisoni ku Gauteng chaka chimenecho.

Wina anganene kuti kulemba maina pamanda si mwambo wa Achewa, ndipo sakunama. Manda a makolo ndi nkhalango. Mitumbira inkafafanizika ndi mvula, mitengo inkamera, ndipo chiliza cha simenti chidabwera mochedwa. Pamtumbira ankasiyapo mbale kapena chikho cha malemu, choboola kuti wina asachitenge. Kumadera a gule, kasiyamaliro amabwera kudzaperekeza mzimu, ndipo mwambo ukatha amabwerera kumene adachokera, osasiya kanthu koti alendo a zaka 2,000 zam'tsogolo adzajambule. Nzeru imeneyi ndi yakuya kuposa ya Qin Shi Huang: wakufa aperekezedwe, alowe m'gulu la mizimu, amoyo apitirize kulima. Mlonda wa manda otere adali mantha ndi ulemu. Munthu sankalowamo popanda chilolezo cha mfumu, sankatolamo nkhuni, ndipo ndi chifukwa chake m'madera ambiri a Lilongwe, Dedza ndi Katete mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha.

Koma mwambo umenewo unkayenda chifukwa mudzi weniweniwo ndiwo udali kaundula. Adzukulu ankadziwa pamene adakumba chaka chatha ndi pamene atate awo adakumba. Mwini mbumba ankadziwa mzere wa mbumba yake. Dzina la malemu linkapatsidwa kwa mdzukulu, ndipo linkayendanso pabwalo ndi miyendo. Phale lolembedwa silinkafunika pamene anthu makumi asanu ankatha kuloza ndi chala. Ku Tembisa, ku Daveyton ndi ku Katlehong kulibe mfumu ya mudzi wa malemu, kulibe adzukulu a mtundu wake, ndipo anansi a chaka chino si a chaka chamawa. Mwambo wosalemba ukasamutsidwira ku dera lotere umasanduka kutaya munthu.

Anthu a masiku ano apeza yankho lawo, ndipo ndi lolemekezeka: kutumiza maliro kumudzi. Uthenga ukangomveka, pa WhatsApp pamayamba mndandanda wa zopereka. Osoka zovala, ogwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa, olondera, ogulitsa m'mashopu, aliyense amaponya kangachepe, pakuti maliro n'kulirana. Bokosi limakwera ngolo yokokedwa ndi galimoto, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi mlatho wa Zambezi ku Tete, mpaka pa Zobue ndi Mwanza kapena pa Dedza. La ku Chipata ndi Katete limadzera ku Chirundu kapena ku Chanida. Amene ali ndi ndalama amalikweza ndege pa Kempton Park. Palibe boma limene lidakonza dongosolo limeneli, adalikonza ndi anthu osauka okhaokha, ndipo m'badwo wa Wenela ukadaliona ukadalira ndi chimwemwe.

Vuto lake ndi lakuti mphamvu zonse zathera pa njira imodziyi, ndipo wosakwanira m'menemo amagwera kunja kotheratu. Alipo amene adalibe gulu. Alipo Asilamu, amene chipembedzo chawo chimafuna kuika msanga, ndi ena amene adakwatira komweko ana awo nakana kuti bambo apite kutali. Alipo makanda. Ndipo alipo ambiri amene amayenda ndi dzina lobwereka kapena opanda chiphaso chilichonse, amene anzawo a pantchito amangowadziwa ndi dzina la dziko lawo kapena lachipongwe. Munthu wotere akagundidwa ndi galimoto pa msewu wa N12, kapena akapezeka m'mgodi wakale umene azamazama amalowamo, amapita ku nyumba yachisoni ya boma ku Germiston kapena ku Springs. Amamudinda zala, koma zala zake sizili m'kaundula wa dzikolo. Anzake amaopa kupita kukamuzindikira chifukwa nawonso mapepala awo ndi osalongosoka. Malamulo amalola kuti pakatha masiku 30 mtembo wopanda mwini uikidwe ndi boma, ndipo umaikidwa ndi nambala. Kumudzi foni imangosiya kulira, ndipo mawu akale aja amabwereranso: adatchona.

Pali kanthu kena kosakoma kunena. Maliro ena obwera kumudzi asanduka mpikisano. Bokosi lodula, mahema, mayunifolomu osindikiza nkhope ya malemu, kanema, kenaka chiliza cha matailosi chokhala ndi denga pamene nyumba ya ana amasiye ikudontha. Aliyense akufuna kagulu kake ka asilikali adongo. China yomweyo idali ndi mfumu ina, Wen wa ufumu wa Han, amene adamwalira mu 157 BC atalamula kuti m'manda mwake muikidwe ziwiya zadothi m'malo mwa golide ndi siliva, ndi kuti anthu asalire nthawi yaitali kufikira kusiya ntchito zawo. Adali ataona kumene chuma cha Qin chidathera. Banja lili ndi ufulu wolira mmene lifunira, ndipo palibe woyenera kuwerengera mnzake misozi. Koma gulu limene lingathe kusonkha ndalama za mayunifolomu silingalephere kugula buku la kaundula.

Buku lotere ndilo phale la masiku ano, ndipo zolembamo ndi zomwe zija za ku Zhaobeihu: dzina lenileni la munthu, mfunda wake, mudzi, mfumu yaikulu, boma, ndi wachibale mmodzi woti adziwitsidwe. Mipingo ya CCAP, Katolika, Reformed Church in Zambia ndi mizikiti imene anthu a kumpoto kwa Limpopo amasonkhanako ku Ekurhuleni ndiyo ingasunge bwino, chifukwa imakhalitsa kuposa magulu a pa foni, amene amatha woyang'anira akasintha nambala. Mantha alipo, ndipo ndi omveka: buku la maina a anthu opanda mapepala likhoza kugwera m'manja olakwika. Ndi chifukwa chake liyenera kukhala kwa abusa, mashehe ndi akuluakulu a mpingo, osalembamo kumene munthu akugona kapena kumene akugwira ntchito, koma kumene adachokera kokha. Tsamba lachiwiri likhale la amene aikidwa komweko: manda ake, chigawo, nambala ya mtumbira ndi tsiku. Makhonsolo amasunga manambala amenewa, koma nambala siilankhula Chichewa, ndipo mwana amene adzabwere kuchokera ku Angonia kapena ku Mangochi patapita zaka 20 adzafunsa ndi dzina.

Za akale aja, njira sinatsekeke yonse. Lamulo la South Africa la National Heritage Resources Act la mu 1999, pa gawo 36, limateteza manda opitirira zaka 60 amene ali kunja kwa manda a khonsolo, ndipo limafuna kuti wofuna kuwasuntha apeze chilolezo ndi kuyesetsa kukambirana ndi anthu amene mandawo akuwakhudza. Kampani ikalengeza m'nyuzipepala ya ku Boksburg kuti ikufuna eni manda, mdzukulu wa ku Dowa sangaone. Mabungwe a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene ali pafupi ndiwo angaimirire ndi kunena kuti anthuwo ali ndi eni ake. Akazembe a maikowa ku Pretoria akhoza kupempha TEBA, imene idalowa m'malo mwa Wenela ndipo idatenga mabuku ake, kuti maina a amene adafera ku migodi ya East Rand akoperedwe ndi kutumizidwa kwa mafumu, boma ndi boma. Phindu lake si la mizimu yokha. Bungwe la Tshiamiso Trust, limene lidakhazikitsidwa pambuyo pa mgwirizano wa R5 biliyoni wolipira odwala matenda a fumbi la m'migodi ndi chifuwa chachikulu, limalandiranso madandaulo a mabanja a omwalira, koma limafuna umboni wa kumene munthu adagwira ntchito ndi chimene chidamupha. Mkazi wamasiye wopanda nambala ya pamkono ya mwamuna wake amayambira kutali.

Pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, mafumu a maiko atatu amafotokozera Kalonga Gawa Undi za mmene anthu awo akukhalira, za njala, matenda ndi chitukuko. Anthu a Kalonga amene agona pansi pa zitunda zachikasu za Ekurhuleni sali m'dera la mfumu iliyonse mwa amenewa, ndipo palibe amawawerengera. Okalamba amene adatsika nawo m'chikepe cha mgodi, amene angakumbukebe kuti uje wa kwa Kachindamoto adaikidwa kuseri kwa komboni yakuti m'chaka chakuti, ali ndi zaka zoposa 70. Ambiri a iwo ali kumidzi, amakhala pakhonde, ndipo mdzukulu aliyense wokhala ndi foni angathe kuwafunsa Loweruka likubwerali.